Mzere Umene Ndinadumpha pa Zolengeza

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene magalasi a katekisiti wathu, a Sakala, anasweka. Anagwa pa njinga pamchenga wa kudambo. Iwo anadzuka bwinobwino, koma magalasi anatsala zidutswa. Tchalitchi chathu chinali chaching'ono, cha njerwa zosawotcha, m'mudzi wina pakati pa Katete ndi Sinda. Wansembe ankabwera kamodzi pa mwezi. Masabata enawo a Sakala ndiwo ankatsogolera, ndipo mapemphero onse anali nawo pamtima. Chimene sakanatha popanda magalasi chinali kulemba ndi kuwerenga zolengeza. Poti kusukulu ndinkawerenga mosadodoma, anandipatsa ine ntchitoyo. Loweruka iwo ankanena ine ndikulemba, Lamulungu ndinkaimirira kutsogolo n'kuwerenga.

Masiku amenewo zolengeza ndizo zinali nyuzipepala yathu. Wailesi inkanena za ku Lusaka, koma pepala lija linkanena za ife: mphakati, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba, umene usese tchalitchi, amene akudwala, amene watisiya, tsiku lokonza denga. Ngakhale madala amene ankaodzera pa ulaliki ankatsegula maso ikafika nthawi imeneyi.

Panalinso maukwati. Mayina a awiriwo ankawerengedwa masabata atatu otsatizana, ndipo pomaliza wowerenga ankati, "Ngati alipo wodziwa choletsa ukwatiwu, akanene kwa a katekisiti." Munthu akakanenadi, nkhaniyo sinkalengezedwa. Mayinawo ankangosiya kumveka. Wamkulu aliyense ankadziwa tanthauzo la kusamvekako. Ine sindinkadziwa.

Chaka chimenecho ofuna kukwatiwa anali alongo anga, a Monika. Amayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, abambo anali kumigodi, ndipo wondilera anali a Monikawo. Ndiwo ankandikhula mapazi ndi mwala, ndiwo ankandisokera kabudula. Wofuna kuwakwatira anali a Feliki a ku Vubwi, okonza njinga, munthu wofatsa. Sindinkawada. Koma kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga nyumba kumudzi kwa mkazi, pomwe a Feliki anapempha chitengwa, kuti atenge mkazi apite naye kwawo, chifukwa ntchito yawo inali kumeneko pafupi ndi malire. Amalume anavomera. Ine palibe anandifunsa.

Sabata loyamba ndinawerenga bwino, azimayi anaimba nthungululu. Sabata lachiwiri a Sakala kunalibe. Anali atapita ku Katete kukayezetsa maso, ndipo ankagona kuparishi. Mapemphero anatsogolera a Mbewe, mkulu wa mpingo amene sankadziwa kuwerenga. Ndikukumbukira mphepo ya mwezi wa Juni ikulowa pamazenera. Ndinawerenga za kusesa, za odwala, ndipo chala chitafika pa mzere wa ukwati ndinachikweza, n'kuchiika pa mzere wotsatira. Maganizo anga anali achibwana: masabata akapanda kukwana atatu, wansembe sadalitsa ukwati, ndipo alongo anga akhala nane mwezi wina.

"Watha, mwanawe?" anafunsa a Mbewe chapansipansi.

"Ndatha."

Mitu inatembenukira kumbali ya azimayi. A Monika anayang'ana pansi.

Pofika masana nkhani inali itazungulira midzi. A katekisiti apita kuparishi, mayina sanamveke: anthu anangolumikiza ziwirizo. Ena anati a Feliki ali ndi mkazi ku Mozambiki, ena anati ayi, ali ku Malawi, wa ana awiri. Kumjigo mayi wina ananena ine ndikumva, "Amuna a kumalire ndi otero, mkazi uku, mkazi uko." Ena anati cholakwa chili kwa mkaziyo. Ngakhale a Yusufu, Msilamu wagolosale pamsewu, anandifunsa nditapita kukagula mchere, "Iwe, ukwati wa kwanu uja wagwa bwanji? Ine shuga wa thobwa ndaitanitsa kale."

Ndinalipira mcherewo n'kubwerera kunyumba. A Monika masiku atatu ankangosenda mtedza pakhonde, osapita kumjigo, osadya kwenikweni.

Lachitatu anafika nkhoswe ya a Feliki, amalume awo okhala ku Sinda. Anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi amalume anga, chipewa osavula. "Ngati mwana wathu simukumufuna, nenani pano," anatero a ku Sindawo. "Osati kumuvula m'tchalitchi. Ife tikhoza kubwerera mmene tinabwerera." Amalume anga analumbira kuti sakudziwa kanthu. Winayo sanakhulupirire. Apo ndipo ndinazindikira kuti chimene chikutha si mwezi umodzi, koma ukwati wonse, pamodzi ndi mbiri ya munthu amene anandilera.

Mkangano uli mkati, a Sakala anatulukira akukankha njinga, magalasi atsopano ali kumaso. Nkhani anali ataimvera kale pamsewu. Anapereka moni, anakhala pansi, n'kundiitana kuti ndibweretse pepala. Analiwerenga pang'onopang'ono.

"Lazaro, mzere uwu ndi dzanja la yani?"

"Langa."

"Maso ako anaswekanso ngati magalasi anga?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi. Kenako mawu anangotuluka okha: "Sindifuna apite."

Amalume anga, amene anali nkhoswe ya a Monika, anadzuka kukathyola kamtengo. A Sakala anawagwira mkono. "Khalani pansi, a nkhoswe. Mukamukwapula pano, kumjigo sakamva. Akakonze ndi pakamwa pake pomwepo."

Chilango changa chinali choyenda. Lachinayi ndi Lachisanu ndinatsagana nawo kumiphakati yonse inayi, iwo akukankha njinga, ine pambali. Paliponse ndinkaimirira pamaso pa anthu n'kunena zimene ndinachita. Panjira a Sakala sanalankhule zambiri. Tikudutsa m'minda ya thonje yothyola kale, anati, "Pepala lija si lako, si langanso. Munthu akakupatsa dzina lake kuti ulitchule m'nyumba ya Mulungu, wakusungitsa mbiri yake. Iwe ukuganiza kuti pemphero limatha tikanena ameni? Zolengeza nazonso ndi pemphero. Ndi pamene mpingo umadziwa woti umunyamule sabata limenelo."

Lamulungu ndinaimirira kutsogolo. "Sabata latha ndinadumpha mzere dala," ndinatero. "Palibe amene analetsa ukwatiwu."

A Mbewe anayankhira pampando pawo, "Aa, woletsayo tamupeza, ndi uyu!" Mpingo wonse unaseka, ndi nkhoswe ya ku Sinda yomwe. A Monika sanaseke.

Popeza masabata ayenera kutsatizana, kuwerenga kunayambiranso poyamba. Wansembe anabwera n'kubwerera ukwati usanakwane masiku ake, ndipo unasunthidwa kufikira ulendo wake wotsatira. Mwezi umene ndinkafuna uja ndinaupeza. Alongo anga ankandiphikira, ankandichapira, koma mawu awo kwa ine anali "idya" ndi "kasambe" basi. Mmawa wina, kutatsala masiku ochepa, anandiitana n'kundiyeza malaya amene ankandisokera a paukwati.

"Unkafuna mwezi. Wakoma?"

"Ayi."

"Ukanandiuza ine, wopusa iwe, osati kukhala chete pamaso pa mpingo." Anandikoka khutu, osati mwamphamvu. "Sukulu ikatsekera uzibwera ku Vubwi. Alamu ako avomera kale, ngakhale sukuyenera."

Ndinapitadi, tchuthi chilichonse. Kukonza njinga ndinaphunzira kwa a Feliki.

Lero ndine mlembi wa mpingo ku Katete, ndipo zolengeza ndimawerengabe ine. Nkhani zambiri zimayamba zafika pa mafoni, koma anthu amadikirabe kuzimva Lamulungu. Achinyamata amadandaula kuti ndimachedwetsa, chifukwa ndimaika chala pa mzere uliwonse, ngakhale wa kapepala kolembedwa ndi pensulo kochokera kwa gogo wakumudzi wofuna kuti anthu akamudwazike. Ndikumvetsa tsopano kuti kale ndinkayesa bodza ndi mawu okha amene munthu wanena. Tsiku lija sindinanene mawu abodza ngakhale amodzi, koma midzi yonse inamva bodza kuchokera kwa ine.

Chaka chatha mwana womaliza wa a Monika anatomeredwa ndi mnyamata wa mpingo wathu, ndipo mayina awo anafika patebulo langa. Loweruka foni inalira, anali a Monika.

"Lazaro, masabata atatu. Ndaika anthu oti azikumvetsera."

Ndinawerenga onse atatu, mokweza. Sabata lachiwiri ndinawerenga kawiri.