Misomali pa Pulasitiki ya Mwana Wanga

Tsiku limenelo pabwalo panga panali mayi a kunyumba, mlamu wanga wa ku Kaphuka, wapampando wa kalabu yathu ya alimi a kachewere, ndi amayi awiri a m'kalabumo amene anabwera kudzangoonerera. Mwana wanga yekha ndiye panalibe. Anali m'minibasi, akuchokera ku Lilongwe.

Iyeyu anaphunzira kuwotcherera mapulasitiki olimba, ochindikala ngati thabwa, amene amapangira mathanki a mankhwala oopsa m'mafakitale. Ife migolo yachitsulo inatitopetsa, mankhwala opopera mbatata ankangoidya. Ndiye kalabu inamupatsa ntchito yotipangira thanki yosungunuliramo mankhwalawo. Inali ntchito yake yoyamba payekha, popanda bwana, ndipo akanaigwira bwino, makalabu ena akanamuitana. Ndinamupezera ndine, ndi pakamwa pangapa.

Zipepala zinayi zotuwa za pulasitikiyo zinali zitafika dzulo lake pa lole. Pa foni mwana anati, "Bambo, muziike pamthunzi, musazikhudze." Chimodzi chinali ndi malemba ofiira, koma ine kuwerenga kwanga n'kwa manambala a pa tepi yoyezera basi.

Kunacha ndi chisanu cha mu Juni, chija chouma nacho zala. Dzuwa linakwera, mwana osaoneka.

"Abweradi ameneyu?" anatero wapampando. "Kapena tauni yamumeza?"

Mlamu wanga anaseka. "Alamu, inu amene munakhoma malata theka la mudzi uno, kabokosi aka kakukanikeni?"

Mutu unakula. Ndinatulutsa hamala, matabwa ndi misomali ya malata.

"Bambo ake, paja mwana anati chiyani?" anafunsa mayi a kunyumba.

"Hamala anaidziwira kwa ndani?" Ndinakuwa moti nkhuku zinabalalika. Mayi anangolowa m'nyumba.

Zipepala ziwiri ndinazikhoma bwinobwino, amayi aja mpaka nthungululu. Pa chachitatu, msomali utangolowa, phwa! Mng'alu unathamanga kuchoka pakona mpaka pakati. Ndinati, "N'chosalimba ichi," n'kutenga chachinayi. Nachonso phwa!

Mwana anafika masana, chikwama cha makina ake chili paphewa. Anapereka moni kwa aliyense, mwaulemu, kenaka anagwada n'kumayendetsa chala pa mabowo, limodzilimodzi. Anauza wapampando kuti pulasitiki imeneyi salumikiza ndi msomali, amaisungunula m'mphepete ndi mpweya wotentha, ndipo thanki ya mankhwala yokhala ndi zigamba sangaipereke kwa anthu, ingadonthere m'dimba.

Wapampando anati akafuna munthu wina kutauni. Mlamu wanga anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zake sanazimasule.

Chipepala chimodzi pano ndi chitseko cha khola la nkhumba. Sichiwola, sichichita dzimbiri, ndimachiona m'mawa uliwonse. Mwana anabwerera kwa bwana wake, ndipo ali komweko mpaka lero.

Anthu atabalalika tsiku lija, ndinayamba kukweza mawu kuti cholakwa n'chisanu. Mwana anandisiya mpaka ndinatopa. Makina aja sanawatulutse n'komwe m'chikwama.

"Bambo," anatero, "mukanangondidikira mpaka masana. Ndinkafuna mukhale pampando, mundione ndikugwira ntchito, kamodzi kokha."