Chaka Chimene Mphemvu Zinatithawa

Mayi anga ankadana nazo mphemvu. M'khitchini mwathu ku Phalula zinkabisala m'ming'alu ya chipupa ndi kuseri kwa mitsuko, ndipo iwo ankazithira phulusa lamoto uku akuzitukwana kuti ndi mbava zosalima.

Chaka cha njala yaikulu, Azungu akadalamulira, mphemvu zija zinasowa. Tsiku lina mayi anasuntha mtsuko, osapeza ngakhale imodzi. Anakhala pansi n'kunena kuti, "Mwanangu, ngakhale mphemvu zatikana."

Chiswe ndiye sichinachoke. Icho sichilabadira chakudya cha munthu, chimangofuna mtengo wouma ndi mwini nyumba wofooka. Chinakwera nsanamira za nkhokwe yathu yopanda kanthu, mayi n'kumangochiyang'ana, poti mphamvu zochisasira analibe. Mng'ono wanga woyamwa tinamuika mwezi womwewo, ndipo kamtanda kamene bambo anazika pamanda pake chiswe chinakadya dzinja lisanathe.

Lero adzukulu anga akaona mphemvu amakuwa n'kuthamangira nsapato. Ine ndimawaletsa. "Isiyeni, yabwera chifukwa muno muli chakudya." Amandiseka. Sadziwa kuti mpaka pano manda a mwana uja sindingawaloze.