Ukhondo Umene Unapha Injini

Amuna anga ndi munthu waukhondo. Ndayamba ndi kuwayamikira dala, kuti abale awo asadzati ndinkawanyoza.

Zaka zonse zimene ankayendetsa alendo odzaona nyama pa kampani ina kuno ku Livingstone, nyimbo yawo inali imodzi: galimoto yawoyawo. Ataipeza, yakale koma yamphamvu, ya mipando yam'mwamba kumbuyo, anasiya ntchito mwamatama. Abwana awo anawatsanzika ndi mawu amene ine wa kwaya sindingawabwereze. Ndiye tonse pakhomo tinkadziwa kuti galimotoyo ikadzangofa, kolowera kulibe, koma kubwerera kwa abwana omwewo, mutu uli pansi.

Misewu ya kupaki ya nyama ndi ya kumidzi kuno ndi mchenga wokhawokha. M'chilimwe fumbi lake limakhala losalala ngati ufa, limalowa ndi m'mano momwe. Choncho asanayambe maulendo anapita nayo kwa makaniko wina ku Dambwa North, ine ndinaperekeza. Makanikoyo anaika fyuluta yatsopano, ija imasefa mpweya wolowa mu injini. Anapaka girisi kuzungulira labala wa m'mphepete mwake, n'kutseka chivundikiro kuti thi.

"Ba mudala, apa osagwirako," anatero. "Girisi iyi ni yotseka fumbi. Ikafuna kuonedwa, muzibwera kuno."

Amuna anga anagwedeza mutu ngati amva.

Kutangocha, kwathu ku Libuyu, ndinamva boneti ikutseguka, kenako mawu.

"Amake mwana, tabwerani mudzaone uve wa anthu amene timawakhulupirira!"

Ndinawapeza atazula fyuluta ija, akupukuta girisi ndi kansalu koyera, nkhope itakwinya ngati apeza mphemvu m'chakudya. Anapukuta mpaka labala anachita kulira pa chala.

Kuyambira pamenepo unakhala mwambo. M'mawa uliwonse kutsegula, kuzula, kuimenyetsa patayala kuti phu phu, kuiyang'ana padzuwa, kubwezeretsa. Akadutsa pomwetsera mafuta, ankaipemereranso ndi paipi yopopera matayala. Anthu odutsa ankaima n'kumati, "Awa ndiye amadziwa kusunga motoka!" Eee, bambo ankachita kufufuma. Mnzawo wina woyendetsa alendo, amene boneti yake inkatseguka kwa makaniko kokha, ankamutchula kuti waulesi wakupha galimoto.

Labala uja anayamba kuphwatalala, mbali ina n'kung'ambika. Kachitsulo kamodzi kopanira chivundikiro kanathyoka, iwo n'kumangapo ndi legeni, mfundo yake yokongola zedi. Ine za injini sindizidziwa, koma chivundikiro cha fulasiki ndimachidziwa.

"Abambo, chinthu chotsegulatsegula chimakhwepa. Si paja makaniko anati musamagwirepo?"

"Iyeyo amafuna ndizipita kwa iye tsiku ndi tsiku. Inu za galimoto munaziphunzira kuti?"

Zinandinyansa. Ndinalowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko, ndipo tsiku limenelo tiyi anadzithirira okha.

Mvula isanagwe galimoto inayamba kutulutsa utsi kumbuyo. Oyilo inkamwa ngati munthu wochokera kumunda. Pamtunda paliponse inkalira kwambiri, liwiro osaoneka. Amuna anga anayamba ndi kuloza dizilo, kuti masiku ano amasakaniza. Kenako analoza anthu ansanje. Mankhwala ake anawapeza msanga: kuwonjezera ukhondo. Tsopano fyuluta inkazulidwa m'mawa ndi masana omwe.

Galimotoyo inafera kupaki, mumchenga, alendo ali pamipando ndi makamera awo. Amene anadzatenga alendowo n'kuikoka anali waulesi uja. Galimoto yake yafumbi inkangoyenda myaa, osatsokomola n'komwe.

Kwa makaniko ndinapita nawonso, poti mtima sunandilole kukhala pakhomo. Iye anamasula legeni, anazula fyuluta, anaitembenuza uku ndi uku.

"Yoyera bwino, ba mudala. Monga ni ya mu shopu."

Ndinaona amuna anga akuwongola mapewa, mpaka kamwetulira kakubwera. Abale inu! Ndiye makaniko analowetsa chala m'paipi ya kuseri kwa fyuluta, kumene kumayenera kudutsa mpweya woyera wokhawokha. Chala chinatuluka chitafiira ndi mchenga.

"Fumbi siinavutike kupita mu fyuluta. Inazipitira m'mbali, pa labala. Mukati mwa injini yonse yapala."

Kukonza injini yotero kunali kopitirira mphamvu zathu, ndipo tonse atatu tinkadziwa. Ndinkafuna kunena kuti ndinanena ine, mawu anali atafika kale pakamwa. Koma nditaona mmene ankayang'anira chala chija, ndinawameza.

Anakhala pakhomo masiku angapo. Kenako m'mawa wina anavala malaya abwino, n'kupita wapansi kwa abwana aja. Zimene anauzana kumeneko sanandiuze mpaka lero. Ntchito anawapatsa, poti kuyendetsa amatha ndipo alendo amawakonda. Koma nkhani inali itawatsogolera, ndiye analamulidwa chinthu chimodzi: chiwongolero ndi chawo, boneti asamayandikire.

Madzulo a tsiku loyamba ndinawatengera madzi ndi sopo pakhonde kuti asambe m'manja. Anatambasula manja awo, anawayang'ana kuseri ndi kuno. Munalibe oyilo, munalibe fumbi, ngakhale m'zikhadabo.

"Bwererani nawo madziwo," anatero. "Palibe chosamba."

Ndinakawataya kuseri kwa nyumba, ndipo ndinachedwako dala kuti asaone kuti ndikulira.