Anati Ndawasempha Amuna Anga

Amuna anga anamwalira ndi matenda a mtima, ine ndili pambali pawo, nditatanganidwa ndi zina. Ndikulemba izi m'maso muli gwa, misozi inandithera kalekale. Inu owerenga, musayembekezere kuti ndikulirirani pano. Ndingokuuzani mmene zinayendera, mwina wina apulumukirapo.

Ndimakhala ku Bwanje, timalima mpunga kusikimu ya ulimi wothirira. Amuna anga, aNgozo, kwawo kunali kumtunda cha ku Kandeu, kuno anabwera chikamwini. Anali munthu wathupi, wanthabwala, wosadwaladwala. Mchere ankaukonda moti ndiwo asanazilawe n'komwe, dzanja linali litafika kale pakabotolo. Akaweruka kumunda ankadzera pachiwaya kukadya tchipisi ndi nkhumba yonona, pamwamba pake kachasu pang'ono, amvekere n'ngochotsa kutopa.

Chaka china anapita kuchipatala cha ku Kasinje ndi malungo. Powayeza anawauza kuti BP yawo ndi yokwera kwambiri, ndipo anawapatsa timapiritsi toti azimwa tsiku lililonse. Anamwa mpaka tinatha, koma sanapitenso kukatenga tina. Ankati munthu wopalasa njinga itasenza matumba a mpunga angadwale bwanji BP, amenewo ndi matenda a mabwana a m'maofesi. Ine ndinaseka nawo. Mutu sunkawapweteka, chizungulire analibe, nkhaniyo inangozilala.

Panapita zaka. Kenako ndinayamba kuona kuti akayenda pang'ono m'mbali mwa ngalande, ankaima kaye n'kumapuma mwawefuwefu. Magambutsi anayamba kuwathina. Mapazi anatupa, ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Kunabweranso chifuwa chosamva mankhwala a pagolosale, ndipo kugona chagada kunayamba kuwakanika, ankagona chokhala atatsamira khoma.

Nkhani inafika ku Kandeu. Alamu anga, mlongo wawo wa aNgozo, anatsika pa kabaza. Atangoona mapaziwo ndi kumva chifuwacho sanafunse zambiri, anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mlamu, ife si ana ayi. Ili ndi tsempho. Tauzeni, munayenda ndi ndani musanathire mchere m'ndiwo?"

Amene munakulira kumudzi mukudziwa kulemera kwa funso limeneli. Amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, mwamunayo amatupa ndi kutsokomola. Ine chikwatiwire sindinadziwepo mwamuna wina. Mawuwo anandiwotcha, ndipo kuyambira tsiku limenelo maganizo anga onse anachoka pa wodwala n'kubwera pa ine mwini.

Nkhani inawanda ngati moto wolusa. Kumjigo azimayi ankangoti zii ndikafika. Kusikimu ankandilozerana ndi milomo. Panatchulidwa mpaka dzina la bambo wina wogula mpunga, amene sindinalankhulepo naye china koposa moni ndi mtengo. Ankhoswe anakhala pansi, n'kukhalanso, akwathu akuti mwana wathu sangatero, akuchimuna akuti nanga mapaziwa atupa okha? ANgozo eni ake ankangoti, "Asiyeni akazi angawa, alibe mlandu," koma mpweya wolimbana ndi gulu analibe. Ine ndinkayenda khomo ndi khomo kudziyeretsa, iwo ali pamkeka kunyumba akuvutika kupuma.

Musaganize kuti za timapiritsi tija ndinaiwala. Ndinkakumbukira, kungoti sindinkadziwa kuti BP ndi kutupa mapazi n'zapachibale. Tsiku lina ndinatchulako zachipatala, alamu anandidula pakamwa. Anati ndikufuna kuthawa mlandu, ndipo munthu wa tsempho akangomubaya jakisoni amatsamaya. Ndinaopa kuti akakafera kuchipatala anthu adzati ndawapha kawiri. Ndinatseka pakamwa.

Alamu anapita kwa sing'anga n'kubwerako ndi mizu yosinja, komanso lamulo. Ine ndi dzanja langa ndizisakaniza mizuyo ndi mchere wodzaza chikhatho m'phala, aNgozo azimwa m'mawa uliwonse. Akachira, ndiye kuti mlandu wandigwira. Ndikakana kuthira, ndiye kuti ndikufuna afe. Ndinathira. ANgozo ankamwa atakwinya nkhope, akamaliza n'kunena kuti lero akazi anga mwandikumbukira, mchere wakwana.

Pali chimene sindinauzepo munthu, ndichinene pano. Ndikamatakasa phalalo, mumtima mwanga munali kamawu konena kuti asachire ndi mankhwala amenewa, kuti anthu aone kuti ndilibe mlandu. Sindinkafuna kuti afe, Mulungu akudziwa. Koma m'mawa ndikaona kuti mapazi sanaphwe, mtima unkakhalako pansi. Kutupa kunakwera m'miyendo mpaka pamimba, ine n'kumawerengera zimenezo ngati umboni wanga.

Tsiku lina masana ndikuanika mpunga pabwalo, ndinamva kukhuluma m'nyumba. Ndinawapeza aNgozo atagwira pachifuwa, milomo itada, thukuta lili kamukamu. Apa sindinafunsenso munthu. Tinawanyamula mpaka ku Kasinje, ndipo kumeneko anatitumiza pa ambulansi kuchipatala chachikulu ku Ntcheu.

Adokotala atawayeza anatiitana ine ndi alamu. Anatifotokozera kuti BP ikakhala yokwera zaka zambiri, mtima umakhala ukukankha magazi movutikira usana ndi usiku, ngati pampu yothirira imene payipi yake yapindika. Munthu samva kanthu, koma mtima umakula, kenako n'kutopa. Ukatopa madzi amadzadza m'miyendo ndi m'mapapo, ndipo kutupa ndi chifuwa chija zimachokera pamenepo. Anafunsa zimene wodwalayo wakhala akumwa kunyumba. Ndinawauza za phala lija. Ananena mofatsa kuti mchere umasunga madzi m'thupi ndi kukweza BP, choncho tinkasenzetsa katundu mtima wotopa kale. Ananenanso kuti aNgozo akanapitiriza timapiritsi tija, kapena akanabwera pamene wefuwefu ankayamba, bwenzi tikukamba zina.

Jakisoni amene tinkamuopa uja anawabaya, ndipo sanatsamaye. Mapazi anaphwa, anagona chagada koyamba m'miyezi yambiri, mpaka anafunsa ngati mpunga ndinaulowetsa m'nyumba. Tinayamba kukamba zotuluka. Koma mtima unali utatheratu. M'mawa wina ndikuwapukuta kumaso anangopuma kamodzi kwakukulu, basi.

Sindinalire. Azimayi a m'wodimo ndi amene analira, ine ndinkapinda zofunda. Pamaliro ndinakhala pamene anandikhazika, kudya zimene anandipatsa. Mpaka lero thupi langa limagwira ntchito, kudzuka, kulima, kuphika, koma mwini wake ngati anachokapo.

Titameta, alamu anabwera ndi ankhoswe, atanyamula nkhuku. Anagwada pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Mlamu, tinakulakwirani. Adokotala ndinawamva ndekha ndi makutu angawa." Mawu amene ndinawasakasaka miyezi yonse ija anali amenewo. Ndinawamva ngati akunenedwa kunyumba ya eni. Ndinayankha kuti zikomo, chifukwa mwambo umatero.

Inu owerenga, sindikunyoza miyambo ya makolo, ndipo alamu anga sindiwada, nawonso ankafuna mlongo wawo achire. Koma kayezetseni BP ngakhale mukumva bwino, chifukwa simachenjeza. Ngati anakupatsani mankhwala, imwani tsiku lililonse, akatha mukatenge ena, musadikire mutu kupweteka. Chepetsani mchere, zonona, mowa ndi fodya. Mukaona munthu akupuma mobanika, mapazi akutupa, akulephera kugona chagada, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Akunenani akuneneni, ankhoswe adzakhala pansi mukabwerako. Ine ndinayamba ndi ankhoswe, ndipo mlandu ndinawina ndithu, mudzi wonse ukudziwa tsopano kuti ndinali mkazi wokhulupirika wa malemu aNgozo.