Chilimwe chimene amayi anagwa pabwalo la kuboma

Ndimakumbukira lamba wakuda amene anesi a kukiliniki ankamanga pamkono wa amayi. Sankakwana bwino poti amayi anali onenepa kwambiri, ndiye anesi ankachita kumugwirizira ndi dzanja akamapopa. Tsiku lina atamasula anati ndi bipi, magazi akuthamanga ndipo mtima watopa. Anawaletsa mchere, mafuta ndi kukhalitsa padzuwa. Atate atamva anangoseka, amvekere mkazi wonenepa ndi ulemu wa mwamuna.

Chilimwe chomwecho kunamveka kuti kuboma kukubwera bwana wamkulu wa chipani. Atcheya a azimayi a chipani m'mudzi mwathu ku Zingalume anafika pakhomo kudzanena kuti amayi akavine, chifukwa ndiwo ankatsogolera nyimbo. Amayi anawaonetsa mapazi otupa, nawauza za mutu umene unkagunda kunkhongo.

"Munthu wodwala sanenepa chonchi," anatero atcheyawo. "Mukakana ndikanena kuti mumadana ndi boma."

Tinayenda wapansi mpaka kuboma ku Chadiza. Bwanayo anachedwa, azimayi n'kumangoimba dzuwa lili paliwombo, fumbi likulowa m'mano. Ndinamva nyimbo ikuduka pakamwa pa amayi. Mlomo unapotokera kumbali, kenako anagwa. Ng'oma sizinaleke. Tinawabweza pangolo asakuthanso kulankhula, ndipo mvula yoyamba inagwera pamanda awo.

Pamaliro atcheya analira kuposa tonse, ine ndikungowayang'ana. Patapita masiku ndinatsikira kumtsinje kukathyola chitedze ndi timitengo, n'kuchikulunga m'masamba. Nsalu ya chipani ya atcheyawo inali itayanikidwa pampanda. Ndinakutumulira ubweya wonse mkati mwake, pang'onopang'ono, kuti pasatsale malo.

Pamsonkhano wotsatira anayamba kudzikanda akulankhula. Anakanda mpaka magazi, anavula nsaluyo pamaso pa amuna, nathamangira kumadzi akukuwa. Ndinaseka mpaka m'mimba kuwawa. Lero ndili ndi imvi, nanenso ndimamwa mapiritsi a bipi, ndipo ndikudziwa kuti matendawo anali atawadya kale amayi. Komabe amene anawaimika padzuwa ndimawadziwa, ndipo sindinawakhululukire.

Tsiku la msonkhanolo ndinathamangira kunyumba kuti ndikawauze amayi zonse. Ndinafika mpaka pakhomo la khitchini ndisanakumbukire. Ndinaima pamenepo, manja akuyabwa, osamvetsa chifukwa chake atcheya alangidwa koma m'khitchinimo mulibe munthu.