Satifiketi ya Fatuma

Tinali kuwiritsa majekeseni pamene mfuti yoyamba inalira. Linali Lachiwiri, tsiku la sikelo ya ana. Amayi anali pamzere pansi pa mtengo wa mango.

Pa kachipatala kaja, kuseri kwa Mandimba ku Mozambique, azamba tinalipo awiri: ine Asiyatu ndi mnzanga Fatuma Saidi. Sukulu ya uzamba tinamalizira limodzi ku Lichinga. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi.

Inali nthawi ya nkhondo. Aliyense ankadziwa kuti anthu a mfuti aja akakupeza ndi pepala la boma, kaya ndiwe mphunzitsi kaya namwino, sankafunsa kawiri. Ine satifiketi yanga ndinaiponya pamoto, pansi pa poto wa majekeseni. Fatuma yake anaipinda kanayi n'kuimangirira mu mpango wa kumutu.

"Mantha ngati nkhuku iwe," anandiseka. "Ku Malawi udzawaonetsa chiyani, mano?"

Tinayenda masiku atatu m'tchire. Tinkadya chinangwa chachiwisi m'minda imene eni ake anaithawa. Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, anatiwombera tikuwoloka mtsinje. Chipolopolo chinamupeza Fatuma, ndipo ndinamukokera pamchenga. Kuletsa magazi ndinaphunzira, koma osati amenewo. Ndinamuvula mpango kuti ndimange bala. Nditaona kuti wapita, ndinathawa mpangowo uli m'manja. Sindinamuike m'manda, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Ndinatsikira ku Lungwena, kuno ku Malawi, mapazi atatupa. Mayi wina amene ankayanika usipa anandipatsa madzi, n'kundilonjera m'Chiyao changa chomwe.

Patapita miyezi iwiri ndinakapempha ntchito pa chipatala china cha m'boma la Mangochi. Anandilowetsa kwa asisita aakulu, mayi wa ku Ntcheu wovala magalasi. Ndinawauza dzina langa. Anatulutsa pepala lawo n'kuyamba kufananiza za kwathu ndi za kuno. Munaphunzira zaka zingati? Munabereketsa amayi angati musanamalize? Mwana akatsogoza miyendo pobadwa mumatani? Ndinayankha zonse. Anati maphunziro a kwathu akuchepa pang'ono, koma ndikhoza kuwonjezera kuno n'kulemba mayeso. Chofunika chinali chimodzi: satifiketi yoti atumize kulikulu akaitsimikize. Popanda imeneyo, ngakhale mwana wa mbuzi sangandilole kumugwira. Kulembera kalata ku Lichinga kunali kungotaya sitampa, msewu unali utatsekeka.

Ndinamasula mpango uja. Sindidziwa ngati ndinkafuna kunama kapena kungowaonetsa mtundu wa pepala limene ndinawotcha. Chidindo chinkaoneka bwino, dzina linkawerengeka. Chithunzi chokha ndi chimene madzi anafufuta. Panatsala mapewa ndi kapewa koyera.

Asisita anayang'ana pepala nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Mwanangu, Fatuma Saidi ndi inuyo?"

Dzina langa sanaiwale ayi. Cholembera chinali kale pa fomu.

Wallahi, ndinafuna kuvomera. Mayeso amene Fatuma anakhoza, nanenso ndinakhoza, tsiku lomwelo, pa benchi limodzi. Koma ndinali nditamva kuti mayi ake anawoloka malire, ndipo ankazungulira m'misasa ya othawa nkhondo kufunsa mwana wawo. Akanangomva kuti Fatuma akubereketsa amayi ku Mangochi, akanabwera wapansi, akululutira, kudzapeza ine.

"Ayi, asisita. Mwini wake anatsala pamtsinje."

Anatseka cholembera. Anandipezera ntchito yokolopa mu wodi ya amayi. Ndinakolopa mpaka nkhondo inatha. Ana ankabadwa ine ndili pakhomo ndi chidebe, manja akuyabwa.

Mayi ake a Fatuma ndinawapeza ku Chowe nyengo ya dzinja lotsatira, akulima ganyu. Ndinawauza za mtsinje uja, zonse, n'kuwapatsa pepala. Sankadziwa kuwerenga. Anapukuta dothi m'manja ndi chitenje, n'kuika chala pamene panali nkhope.

"Mapewa ndi ake," anatero.