Ndawagoneka Ndine

Ndili m'chipinda cha opaleshoni, momwe ndikuphunzira ntchito yogoneka odwala. Opaleshoni yatha. Pabedi pagona amayi anga, ndipo ndawagoneka ndine. Thumba lowapumitsira lomwe ndikufinya lasanduka papaya wakupsa, akungophwanyika m'manja mwanga.

Adokotala aakulu otiphunzitsa akhala pakona, akusenda chinangwa.

"Kugoneka munthu ngakhale adzukulu a kumanda amatha," akutero. "Inu adzutseni. Aitaneni ndi dzina lawo."

Koma mwana angatchule bwanji dzina la amayi ake? Lilime likukana. Ndikungofuula kuti, "Amayi!" Azimayi onse a m'chipatala muno akudzuka, akuvomera, kupatula iwo okha.

Ndadzidzimuka dzinalo lili pamilomo, mtima uli zii. Eni ake tinawagoneka kale kumudzi.